Kwa achimwene anga, za jakisoni wa usiku uja

Achimwene,

Mwandifunsa kangapo konse kuti usiku uja anakubayani chiyani, ndiponso anawaloleza ndani. Ndikangoyamba kuyankha mumandidula pakamwa, mumvekere ndikulankhula ngati nesi osati ngati mlongo wanu. Ndiye munati ndilembe papepala kuti muwerenge panokha nthawi imene mtima wakhala pansi, ndipo ngati muli zothandiza ena awerenge nawo, bola maina asatchulidwe. Ndi izi ndalemba. Koma unesiwo musayembekezere kuti ndiusiya pakhomo, chifukwa mayankho a mafunso anu ali momwemo.

Ndiyamba ndi funso lachiwiri poti ndilo limakuwawani kwambiri. Anawaloleza ndine. Adokotala atafunsa kuti gadiyani ndani, amayi anali atakhala pansi pakhonde akulira, amalume anali atatuluka kukafuna chingwe, ndipo ine ndinati, "Ndine. Abayeni." Anthu akhala akukuuzani kuti ngakhale ndikanakana akanakubayanibe, popeza zinthu zinali zitafika poipa. Mwina n'zoona, koma sindifuna kubisala kumeneko. Mawuwo ndinawanena ndine, mutu wanga ukuyenda bwinobwino.

Chimene chinandinenetsa si phokoso lanu ayi. Munali mutatha masiku osagona, mukulankhula mosapumira, mukuimba, mukutukwana aliyense kuphatikizapo abusa amene anabwera kudzakuonani. Zonsezo n'zotopetsa, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chili chifukwa chobayira munthu. Anesi anayamba bwino. Anathamangitsa anthu oonerera, anakupatsani madzi, munthu mmodzi yekha ndiye ankalankhula nanu motsitsa mawu, kenako anakubweretserani mapiritsi kuti mumwe nokha. Munawamwaza pansi. Posakhalitsa munaswa zenera ndi chibakera, n'kuimirira pakati pa wodi dzanja likuchucha magazi, chidutswa cha galasi chili m'manja, mukunena kuti muyenera kufika kumsewu waukulu mukaimitse magalimoto. Jakisoni wamtundu uwu malo ake ndi amenewo basi: pamene munthu watsala pang'ono kudzivulaza kapena kuvulaza mnzake, pompopompo osati mawa, ndipo kunyengerera ndi mapiritsi zakanika.

Pali chifukwa china chimene abale ambiri sachidziwa. Sikuti aliyense wolusa ndi wobalalika ali ndi matenda a m'maganizo. Malungo akakwera kumutu amatero. Matenda oumitsa khosi amatero, makamaka kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, bambo wofatsa amatha kumenya amene akumudwazika, osadziwa n'komwe. Wovulala m'mutu, wa khunyu amene wangotsitsimuka kumene, chidakwa chimene chasiya kachasu mwadzidzidzi n'kuyamba kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, onsewa amafika pachipatala ataperekezedwa ndi liwu limodzi lomwe lija: "Wapenga." Buku la malangizo la bungwe la WHO lotchedwa mhGAP, limene linatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2016, limauza ogwira ntchito kuti ayeze shuga, kutentha kwa thupi ndi mpweya, afufuze gwero la vutolo, osangothamangira kugonetsa munthu. Ine ndinaonapo wodwala wogonetsedwa ndi jakisoni, aliyense n'kunena kuti zatheka, kukacha n'kupezeka kuti anali malungo, nthawi yabwino yomupulumutsira itadutsa ali m'tulo.

Inu simunkalola munthu kukuyandikirani, ngakhale kungokubayani chala. Jakisoni uja ndiye anatipatsa mpata. Malungo munalibe, shuga anali bwino, thupi silinali lotentha, khosi linkapindika bwinobwino, ndipo dzanja lija linatsukidwa n'kusokedwa. Sanakuchizeni. Zinali ngati kusolola nkhuni pamoto phala likayamba kusefukira: phalalo silinapse, wangoliletsa kutayika.

Tsopano dzina la mankhwalawo. Anakubayani haloperidol, mamiligalamu 5, m'thako. Anapangidwa mu 1958 ku Belgium, pakampani ya Paul Janssen. Mu ubongo wa munthu muli dopamine, amene amanyamula uthenga kuchokera ku mtsempha wina kupita ku unzake. Haloperidol amatseka malo amene dopamine amafikirapo, ndipo maganizo amene anali pa liwiro amayamba kuyenda pang'onopang'ono. Akabayidwa m'mnofu sagwira nthawi yomweyo monga amaonetsera m'mafilimu. Pamapita mphindi 15 mpaka 30, ndipo nesi wosaleza mtima amene amabayanso msanga ndiye amabweretsa mavuto. Haloperidol ali ndi mkulu wake, chlorpromazine, uja m'mawodi timangoti CPZ, ena amati Largactil. Ameneyu ndiye chisamba cha mankhwala onse a gulu ili. Mu 1952 madokotala awiri a pachipatala cha Sainte-Anne ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anafalitsa kuti odwala awo olusa ankakhazikika akapatsidwa mankhwalawa. Kumbuyo konseko, wodwala wotere ankavekedwa malaya a manja aatali omangira kumsana kapena kutsekeredwa m'kachipinda payekha.

CPZ ndi amene tinamuzolowera kuno, koma amagwetsa BP, makamaka munthu akadzuka mwadzidzidzi, ndipo inu munali mutatha nthawi osadya ndi kumwa mokwanira. Mtima unatsikako nditaona kuti kabotolo kamene anesi anathyola si ka CPZ. Palinso diazepam, uja ambiri amamudziwa kuti Valium. Ameneyu ndi wa fuko lina. Ndiye woyenera kwa munthu amene wabalalika chifukwa chosiya mowa, popeza CPZ ndi haloperidol amatha kumuchititsa munthu wotero kugwa ngati wa khunyu. Koma diazepam akakumana ndi mowa m'thupi amafooketsa kupuma. N'chifukwa chake adokotala ankandifunsa mobwerezabwereza ngati munalawako tsiku limenelo, mpaka amayi anakhumudwa poganiza kuti akukunyozani.

Zimene zinachitika mutagona simukuzikumbukira, ndiye ndikuuzeni. Ndinakutembenuzirani chammbali kuti mukasanza masanzi asakutsamweni. Ndinakoka mpando, ndinavula wotchi n'kuiika papilo pafupi ndi khutu lanu, ndipo ndinayamba kuyang'ana chifuwa chanu chikukwera ndi kutsika, ndikuwerenga. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pamphindi. Zikatsika osakwana ka 10, umadzuka kukaitana anthu. Ndinkakugwirani pamkono kumvetsera mtima, ndinkakugwirani pamphumi, nthawi zina ndinkakuitanani dzina kuti ndione ngati mungagwedezeke. Munkang'ung'udza pang'ono n'kugonanso, ndipo kung'ung'udzako ndi kumene ndinkafuna.

Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain, a mu 2015, amati wobayidwa chonchi aziyezedwa kupuma, BP, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi ola lililonse, ndipo ngati wagona tulo kapena anamwa mowa, mphindi 15 zilizonse. Amatinso ngati munthu ali ndi vuto la mtima kapena sanayezedwe pamakina a ECG, haloperidol apewedwe, m'malo mwake apatsidwe lorazepam, chifukwa haloperidol amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Ndikamawerenga zimenezi ndimangopukusa mutu. Usiku uja nesi anali mmodzi wodi yonse, za ECG panalibe anazitchula, lorazepam m'kabati munalibe. Koma kuwerenga mpweya sikulira makina. Nthawi yoopsa kwambiri ndi imene wodi yangoti zii, abale mitima yakhala pansi, apita kukafuna tiyi. Palinso ngozi ina, yosachitikachitika koma yakupha: thupi kutentha kwambiri, minofu kuuma gwa, thukuta kamukamu, munthu osadziwa pamene ali. Zikatero mankhwala amasiyidwa pomwepo ndipo wodwala amafunika chithandizo chachangu. Amene amaona zizindikiro zimenezi msanga ndi amene wakhala pambali pa bedi.

Chimene mumabwerezabwereza ndi kugwiridwa kuja, ndipo apa ndili mbali yanu. Kukugwirani kunali kosapeweka. Mwamuna wa mphamvu ngati inu, galasi lili m'manja, sangabayidwe ali chiimire. Koma kagwiridwe kake kanali koipa. Alonda ndi magadiyani a odwala ena anakugwetsani chafufumimba, wina n'kuika bondo pamsana panu, buluku linatsitsidwa anthu atadzaza pakhomo, ena akuseka. Ndinakuwa kuti achotse bondolo ndipo analichotsa. Munthu wopanikizidwa chafufumimba chifuwa chake chimalephera kufutukuka, ndipo akamaphiriphitha kuti apeze mpweya, omugwirawo amayesa akulimbana nawo, n'kuwonjezera mphamvu. Ku London mu 2010, mnyamata wa zaka 23 dzina lake Olaseni Lewis anamwalira atapanikizidwa ndi apolisi pachipatala cha Bethlem, kumene anavomera yekha kugonekedwa kuti athandizidwe. Banja lake silinakhale chete, mpaka mu 2018 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa lamulo loti m'zipatala za matenda a m'maganizo ogwira ntchito aziphunzitsidwa, ndipo nthawi iliyonse imene agwiritsa ntchito mphamvu pa wodwala zizilembedwa. Anthu amalitcha lamulo la Seni. Kumeneko ndi kwa eni makina ndi ndalama, ndiye tisamanamizire umphawi wokha. Manyazi amene munachita aja, achimwene, sanali mbali ya chithandizo. Katani inalipo, panangosowa woikoka.

Za m'mawa mwake mukuzikumbukira kuposa ine, chifukwa zinali m'thupi mwanu. Khosi linapindikira kumanzere n'kuuma, lilime linatuluka, maso anatembenukira kumwamba mpaka kunkangooneka koyera kokha, dovu likuchucha pachibwano. Munkamva zonse koma mawu osatuluka. Azakhali anagwetsa beseni la madzi osamba n'kuyamba kufuula kuti mwaziona, ziwanda zaonekera poyera tsopano, tinkanena ife kuti izi si za chipatala. Odwala ena anafunda kumutu.

Sizinali ziwanda. Dopamine yemwe uja amayendetsanso minofu, ndipo akatsekerezedwa mwadzidzidzi, minofu ya khosi, ya nsagwada ndi ya maso imakokana. Zimakonda kugwira amuna achinyamata, ndipo haloperidol ndiye katswiri wake. Mankhwala ake alipo, ndi benzhexol, uja timati Artane. Munameza piritsilo movutikira, madzi ena akutayikira pamalaya, ndipo patapita nthawi khosi linamasuka. Mawu oyamba amene munandiuza anali akuti, "Mwandipha." Sindinakuyankheni, chifukwa munthu amene wakhala ndi khosi lopindika osadziwa ngati lidzawongoka ali ndi chifukwa chonenera zotero.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zimenezi zinali zopeweka. Ku Rio de Janeiro, ku Brazil, kunachitika kafukufuku wotchedwa TREC, m'zipinda zolandirira odwala mwadzidzidzi, zodzaza ngati zathu zomwezi. Pa zotsatira zimene zinatuluka mu 2007, odwala 316 anagawidwa pawiri. Ena anabayidwa haloperidol yekha, ena haloperidol wosakaniza ndi promethazine, mankhwala akale otsika mtengo amene timapatsa anthu a ziwengo ndi osanza. Amene analandira osakanizawo anakhazikika msanga. Anthu 10 anakokana minofu ngati mmene munachitira inu, ndipo onsewo anali a gulu la haloperidol yekha, moti kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane. Ku Vellore, ku India, kusakaniza komweku kunayesedwanso ndipo kunachita bwino. Za promethazine ndinafunsa usiku womwe uja, jakisoni asanalowe. Yankho linali limene ife anesi timapereka tsiku ndi tsiku kwa anthu ena: "Anatha."

Pali vuto linanso la mankhwala amenewa limene muyenera kulidziwa chifukwa limanamiza. Miyendo imakana kukhala malo amodzi. Munthu amayenda uku ndi uku, kukhala pansi, kudzukanso, kupondaponda, m'kati muli piringupiringu wosaneneka. Wosadziwa amati matenda akula, n'kubayanso mankhwala omwe ayambitsa vutolo. Mukadzamva zotere mudzanene msanga kuti zayamba mutalandira mankhwala.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo jakisoni aliyense wobayidwa m'mawodi. Ndamvapo ndi makutu angawa mawu akuti, "Ukapitiriza tikubaya." Jakisoni akafika pokhala choopsezera, kapena njira yoti ogwira usiku apezeko tulo, wasiya kukhala mankhwala. Amene ndimawamvera chisoni kwambiri ndi agogo oiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, aja amangoyendayenda usiku kufunafuna khomo la kwawo. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza mu 2005 ndiponso mu 2008 kuti mankhwala a gulu ili amawonjezera imfa pakati pa okalamba otere, koma amabayidwabe chifukwa choti akusowetsa anthu mtendere. Ndipo mbiri yathu siitithandiza. Malo oyamba osungirako odwala misala ku Zomba, mu 1910, anali mbali ya ndende. Lamulo limene kwa zaka zambirimbiri linkayendetsa chisamaliro cha odwalawa linalembedwa mu 1948, nthawi ya atsamunda, CPZ ndi haloperidol kulibe. Mtima wosunga munthu m'malo momuchiza sunatheretu, ndipo mpaka lero mawu akuti "akutumiza ku Mental" amanenedwa ngati chigamulo cha khoti.

Komabe musaiwale amalume ndi chingwe chawo. Maganizo awo anali oti akumangeni manja ndi miyendo, akukwezeni pagalimoto, akakusiyeni kwa mlaliki wina amene amasunga odwala kumudzi kwake. Sankafuna kukuzunzani, anali ndi mantha, ndipo ndi njira imene anakula akuiona. Bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2020 kuti m'maiko 60 anthu odwala matenda a m'maganizo amamangidwa maunyolo, ena kwa zaka. Chingwe chimadya khungu, chimatupitsa manja, ndipo chikangomangidwa palibe amene amadziwa tsiku lomasula, chifukwa aliyense amaopa kukhala woyamba. Mphamvu ya jakisoni imatha yokha m'thupi. Pemphero sindilikana, inenso ndinapemphera ndili pampando paja, koma ndinkapemphera maso ali pachifuwa panu.

Chimene chakubwezeretsani pantchito si jakisoni uja. Ndi mapiritsi amene mukumwa tsiku ndi tsiku, tulo, ndi kusaphonya tsiku la kiliniki ngakhale mzere ukhale wautali. Musamusokonezenso ndi jakisoni wa pamwezi, fluphenazine uja amati Modecate, amene adokotala anakutchulirani. Ameneyo amalowa m'magazi pang'onopang'ono kwa milungu, sathandiza pa ngozi, ndipo kumulandira kapena kumukana ndi nkhani yoti mukambirane nawo muli bwinobwino. Mukamakambirana muwakumbutse za khosi lija, chifukwa nayenso amatha kuchita zomwezo.

Tsopano pempho langa. Matendawa amatha kubwereranso, inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Usiku uja ena anakulankhulirani chifukwa matenda anali atakulandani mawu. Panopa muli nawo, ndiye agwiritseni ntchito. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, timate pepala m'kati mwa chikuto, mulembepo ndi dzanja lanu, mwachidule moti nesi wotopa angawerenge pakati pa usiku. Mulembe kuti haloperidol yekha anakupindani khosi, ndiye akafunika aperekedwe pamodzi ndi promethazine. Mulembe kuti ayambe akupatsani mapiritsi, ndipo mutchule munthu amene mungawalandire kuchokera m'manja mwake. Mulembe kuti musagonekedwe chafufumimba, kuti katani ikokedwe, ndipo ngati mukufuna kuti wokubayani akhale mwamuna, mulembenso. Muwonjezere zizindikiro zimene zimayamba, zija mumazidziwa inu nokha, monga kudzuka pakati pa usiku muli ndi mapulani a bizinesi zikuluzikulu, kuti tizipita kuchipatala tikuyenda ndi miyendo yathu zinthu zisanafike pa galasi. Adokotala a kukiliniki asainepo. Sindikulonjeza kuti aliyense adzatsatira pepalalo, koma gadiyani wolinyamula amalankhula molimba mtima kuposa wopanda kanthu m'manja. Promethazine tingathe kufunsa adokotala atilembere, tigule kufamase, azikhala m'chikwama cha amayi, tizingoyang'ana deti lake.

Pansi pake mulembe dzina la munthu amene adzayankhe adokotala akadzafunsa kuti gadiyani ndani. Sikuti akhale ine. Ngati mukuona kuti alamu kapena mnzanu wa kutchalitchi uja angakumvereni bwino, lembani iyeyo, sindidandaula. Mungomutumiza kwathu Loweruka lina masana, abwere ndi wotchi, ndimuphunzitse kuwerenga mpweya ndi kugoneka munthu chammbali.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu.